Theka la Tsitsi

Masana ndine wa zidindo,
chipinda chachitatu, kuseri kwa msewu wa Cairo,
kumene pepala likalakwika umang'amba n'kutenga lina.
Madzulo ndimavula tayi ku Chilenje,
n'kulowa m'kanyumba kamalata kamene kale kanali ka nkhuku,
n'kuvundukula makina anga.

Ndi aang'ono, mwana wa zaka khumi atha kuwakumbatira.
Ndinagula kwa mkulu wina wokonza mawotchi ku Kamwala
maso atayamba kumukana.
Anabwera pa wilibala, atakulungidwa m'chitenje,
mnyamata wokankha akufunsa njira yonse
ngati ndi chigayo cha mtedza.

Nsagwada zitatu zimaluma mkuwa.
Lamba akagwira, mota n'kuyamba kung'ung'udza,
ndimasendeza mpeni pang'ono, pang'onong'ono,
mpaka ukhudze.
Pamenepo mkuwa umavula.
Nyenyeswa zopotana zimagwa, zotentha, zachikasu,
zina zimathera m'masokosi a Lekani.
Amake amazitola pochapa, sanena kanthu,
amangozisanja pambali pa kapu yanga ya tiyi.

Sabata yatha kunabwera amayi Nyendwa, atelala,
ndi kachitsulo m'kansalu, kodyeka mbali imodzi.
Makina awo osokera ndi akale kuposa ine.
Anazungulira Soweto yense, akuti zotere zinasiya kubwera.
Mayunifolomu makumi anayi akudikira,
sukulu zikutsegulidwa Lolemba.
Ndinati siyani, ndiona,
mawu amene kuntchito kwathu amatanthauza iwalani.

Lachinayi ndinayeza, ndinasema, ndinayezanso.
Kutatsala theka la tsitsi
magetsi anathima. Mdima bii.
Mota anatonthola ngati munthu wodulidwa mawu pamsonkhano.
Ndinakhala pomwepo, manja akununkha oyilo,
ndikumva majenereta a ku Woodlands akudzuka mmodzimmodzi.

Anayaka tambala asanalire.
Firiji inanjenjemera, ndinatuluka osavala nsapato,
tulo m'maso, changu m'zala,
ndipo ndinapotoza chogwirira n'kudumpha kamzere kamodzi.
Kamodzi basi.
Kabushi kanalowa pa ndodo yake kakugwedera
ngati mphete ya malemu pa chala cha mwana.

Chitsulo sichimva pepani.
Chimene wachotsa chagona pansi, chikunyezimira,
sungachimate ndi malovu,
palibe bwana woti asaine kuti chibwerere.
Ndinakatembenuza m'dzanja nthawi yaitali.
Kosalala, kokongola, kopanda ntchito.
Ndinakaponya m'chitini cha mkaka
mmene muli anzake khumi ndi asanu ndi awiri,
aliyense ndimakumbukira usiku wake.

Ndinadula mkuwa wina.
Ulendo uno ndinkazimitsa makina n'kupinda manja,
kudikira kuti chitsulo chizizire,
pakuti chotentha chimanama pa muyeso,
chimadzitukumula ngati mlamu amene walandira malipiro.
Ndinkachotsa fumbi lokha, ndikuyeza,
ndikuchotsanso fumbi.
Kukucha, kondakitala woyamba akukuwa tauni tauni,
kanalowa ndi chala chachikulu chokha,
popanda nyundo, popanda kugwedera.
Panalibe wondiona.
Ndinakatulutsa n'kukalowetsanso katatu.

Amayi Nyendwa anamasula mfundo ya chitenje kuti alipire.
Ndinakana. Ndikanawauza bwanji mtengo wa usiku?
Loweruka lonse makina awo anamveka kudutsa mpanda,
Lamlungu lomwe, atachoka kutchalitchi.
Dzulo mdzukulu wawo wabwera ndi phukusi:
chophimba chosokedwa ndi nsalu yotsala,
mizere yabuluu ndi yoyera, thumba kutsogolo la masipanala.
Tsopano makina anga amagona atavala yunifolomu,
ngati mawa nawonso akulowa giredi wani.

Kuofesi bambo Mvula afunsa za chala changa chomangidwa.
Ndati ndi chitseko.
Ndatenga chidindo, ndachiimitsa pamwamba pa pepala,
ndaona kuti chapendama theka la tsitsi,
ndachiwongola.